Ndani akumvetsera kubwata kwa pansi?

Lamulungu pa 23 Novembala 2025, anthu a m'chigawo cha Afar ku Ethiopia adadzidzimuka ndi chiphokoso chonga cha bomba. Phiri la Hayli Gubbi, lomwe agogo awo ndi agogo a agogo awo ankangolidziwa ngati phiri logona, lidaphulika. Utsi ndi phulusa zidakwera makilomita pafupifupi 14 m'mwamba, mphepo n'kuzitenga kukadutsa nazo ku Yemen ndi Oman mpaka ku India, komwe ndege zina zidalephera kunyamuka.

Palibe yemwe adafa. Chomwe chidaimitsa mitu akatswiri n'chakuti m'mabuku mwawo mudalibe mbiri yoti phirili lidaphulikapo m'zaka pafupifupi 12,000 zapitazi.

Mayi wogulitsa manachesi pa Mwanza boma akhoza kunena kuti za ku Ethiopia n'za ku Ethiopia, ife kuno tikulimbana ndi mtengo wa feteleza. Salakwa kwenikweni. Tinene poyera kuti ku Mwanza kulibe phiri lophulika, ndipo m'Malawi monse mulibe ngakhale limodzi lomwe likadali lamoyo. Anthu a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati asaope kuti mapiri a Thambani adzalavula moto tsiku lina. Miyala ya kumeneko idachokeradi ku miyala yosungunuka, koma idazizira pansi pa nthaka zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo.

Komabe Afar ndi Mwanza n'pachibale. Ku Afar n'komwe kumayambira chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe dziko la Africa likung'ambika pang'onopang'ono. Chigwachi chimatsika kudzera ku Kenya, Tanzania ndi kummawa kwa DRC, n'kudzakumba nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire, kenaka n'kulowa m'Mozambique. Boma la Mwanza lili m'mbali mwa chigwachi chakuzambwe. Kumpoto kung'ambikaku kumatulutsa moto, pomwe kuno kumabweretsa zivomezi. Ndipo zida zomwe akatswiri amalondera nazo mapiri ophulika n'zomwezo zomwe zingatiuze zomwe zikuchitika pansi pa nyumba zathu.

Makutu a pansi

Mayi wodziwa kuphika salindira kuti phala lisefukire. Amamva momwe mphika ukulirira, amaona chivindikiro chikunjenjemera, fungo nalo limamuuza kanthu. Akatswiri olondera mapiri ophulika amachita chimodzimodzi, kungoti mphika wawo uli makilomita ambiri pansi ndipo sangauvundukule.

Pansi pa phiri lotere pamakhala miyala yosungunuka, yotentha madigiri 700 mpaka 1,200, yomwe amaitcha magma. Ikatulukira kunja ndiye chiphalaphala chamoto chomwe timachiona pa kanema chija. Kuti ifike pamwamba imayenera kudziboolera njira, kuswa miyala yolimba yomwe yaitsekereza. Kusweka kulikonse ndi kachivomezi, kochepa kwambiri koti munthu woima pompo sangakamve. Koma makina otchedwa seismometer, omwe amawakwirira pansi kapena kuwamangirira pa thanthwe, amamva. Amayendera batire ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo amatumiza zomwe amva ku kompyuta ya mu ofesi usana ndi usiku.

Nanga amadziwa bwanji pomwe pasweka? Taganizirani za mphenzi. Timayamba taona kung'anima, kugunda kumabwera pambuyo, ndipo mpata wa pakatipo ukatalika timadziwa kuti yagwera kutali. Chivomezi nachonso chimatumiza mafunde amitundu iwiri. Oyamba amathamanga makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, achiwiri amatsalira pa makilomita atatu ndi theka. Mpata wa pakati pa kufika kwa mafunde awiriwa ndiwo umauza makina kutalika kwa mtunda.

Vuto n'lakuti makina amodzi amangonena mtunda, sanena mbali. Pamafunika atatu kapena kuposa apo, oikidwa m'malo osiyana, kuti akatswiri aloze malo enieni ndi kuzama kwake. Makina amodzi okha, ngakhale akhale okwera mtengo bwanji, ali ngati mboni imodzi pa bwalo la amfumu.

Akamaona tizivomezi tikuchuluka, lero 20, mawa 80, mkuja 300, komanso tikusendera m'mwamba kuchoka pa makilomita 15 kufika pa 10, kenaka pa 3, amadziwa kuti magma akukwera. Nthawi zina m'malo mwa kugunda kwa apo ndi apo, makina amayamba kujambula kunjenjemera kosalekeza, konga kwa galimoto yolira ili chiimire. Izi zimachitika magma kapena mpweya ukamayenda m'ming'alu, ndipo olondera akaziona tulo timawathera.

Phiri limatupa

Chizindikiro china ndi kutupa. Thobwa likagona m'botolo lapulasitiki lotseka, botolo limafufuma. Phiri nalo limatero. Mu 1980 mbali ya kumpoto ya phiri la St Helens ku America idayamba kutupa ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposa pa tsiku, anthu akuona ndi maso. Pa 18 Meyi chaka chomwecho mbaliyo idagumuka, phiri n'kuphulika, anthu 57 n'kufa.

Kawirikawiri kutupaku kumakhala kwa masentimita ochepa, kosaoneka. Ndiye akatswiri amakhomerera makina a GPS pa thanthwe. Si GPS ya m'foni yomwe imasokera ndi mamita angapo ayi, iyi imazindikira kusuntha kwa mamilimita. Palinso makina oyeza kupendekeka kwa nthaka, omwe amagwira ntchito ngati levulo ya mmisiri womanga nyumba.

Koma chomwe chasintha zinthu kwambiri kwa maiko osauka ndi setilaiti. Zilipo zomwe zimaponya mafunde a radar pansi n'kuyeza nthawi yomwe atenga kuti abwerere. Setilaiti ikadutsanso pamalo omwewo n'kujambula kachiwiri, kompyuta imafananiza zithunzi ziwirizo ndipo pomwe nthaka yakwera kapena kutsika ngakhale ndi sentimita imodzi pamaoneka. Radar saopa mitambo kapena mdima. Setilaiti za Sentinel-1 za maiko a ku Ulaya, zomwe yoyamba idaulutsidwa mu 2014, iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi pakatha masiku 12, ndipo zithunzi zake n'zaulere kwa aliyense wodziwa kuziwerenga. Ku Hayli Gubbi, komwe kuli kutali ndi chilichonse, n'zithunzi zotere zomwe zidaonetsa kuti magma adali atayamba kuyenda pansi kuchokera ku phiri loyandikana nalo la Erta Ale miyezi ingapo kuphulikako kusadachitike.

Luso limeneli lidagwirapo kale ntchito kuno kwathu. Mu Disembala 2009 boma la Karonga lidagwedezeka ndi zivomezi zotsatizana, kuyambira pa 6 mpaka chachikulu cha mphamvu ya 6.0 chomwe chidadza patatha masabata awiri. Anthu anayi adafa, nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'ambika, ndipo mabanja adagona panja m'nyengo ya mvula. Funso lomwe lidavuta akatswiri lidali lomveka: pakuti Karonga ali pafupi ndi mapiri ophulika a ku Tanzania, kodi si magma akubwera?

Juliet Biggs, yemwe ndi katswiri wa pa yunivesite ya Bristol ku Britain, pamodzi ndi anzake adaunika zithunzi za radar. Zomwe adafalitsa mu 2010 zidaonetsa kuti nthaka sidatupe monga imachitira magma akamakwera. Idatsetsereka motsatira mng'alu wosazama womwe udali wobisika pansi pa dothi la m'chigwa, womwe pano umadziwika kuti St Mary's. Kunena kwina, Karonga sadali pa phiri lophulika. Adali pa mng'alu womwe padalibe adaulemba pa mapu. Sindikudziwa kuti chotonthoza mtima kwambiri n'chiti pa ziwirizi.

Fungo la mphika

Magma amakhala ndi mpweya wambiri wosungunukiramo, monga zimakhalira m'botolo la Fanta losatsegula. Akamayandikira pamwamba mpweyawo umayamba kuthawa, makamaka wa sulufule. Akatswiri amauyeza ali patali ndi makina oloza mu utsi, ena ali m'ndege, masiku anonso ndi madroni.

Nkhani ya phiri la Pinatubo ku Philippines ndiyo imaphunzitsidwa kwambiri. Phirili lidali litagona zaka pafupifupi 500 pomwe lidayamba kufuka mu Epulo 1991. Akatswiri a m'dzikomo a bungwe la PHIVOLCS ndi anzawo a USGS a ku America adathamangirako ndi makina. Pa 13 Meyi adapeza kuti phiri likutulutsa matani 500 a mpweya wa sulufule pa tsiku. Pofika pa 28 Meyi adali ataposa 5,000. Kenaka kumayambiriro kwa Juni mpweya udatsika mwadzidzidzi. Munthu wamba akadati zinthu zayamba kukhala bwino. Akatswiriwo adaganiza zosiyana, kuti njira yatsekeka ndipo mphamvu ikuunjikana m'kati.

Adalondola. Pa 15 Juni phiri lidaphulika koopsa, kuphulika kwachiwiri kukula kwake m'zaka zonse za m'ma 1900. Koma anthu oposa 60,000 adali atasamutsidwa kale. Omwe adafa adali mazana angapo, ambiri chifukwa cha madenga omwe adagwa polemedwa ndi phulusa lonyowa, pakuti tsiku lomwelo kudawombanso namondwe. Akatswiri amati pakadapanda chenjezo anthu osachepera 5,000 akadafa.

Chomwe chimaiwalika pa nkhaniyi n'chakuti makina okha sadasamutse munthu. Akuluakulu a boma ndi anthu a m'midzi sankakhulupirira, poti sadaonepo phiri likuphulika. Akatswiri adachita kuyendayenda ndi kanema woonetsa zomwe mapiri otere adachita kwina, wojambulidwa ndi Maurice Krafft wa ku France. Iyeyo ndi mkazi wake Katia adafera pa phiri la Unzen ku Japan pa 3 Juni chaka chomwecho, masiku 12 Pinatubo asadaphulike.

Mpweya umaphanso pawokha popanda moto. Usiku wa pa 21 Ogasiti 1986 nyanja ya Nyos ku Cameroon, yomwe ili m'chibowo cha phiri lophulika, idabzikula mpweya wa carbon dioxide womwe udatsetsereka m'zigwa n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zikwi zingapo. Kuyambira mu 2001 m'nyanjamo adaikamo mapaipi otulutsa mpweyawo pang'onopang'ono.

Moto wa pafupi

Phiri lamoyo lapafupi kwambiri ndi Malawi lili kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Aliyense wokapikula katundu ku Mbeya amadutsa pa Tukuyu, m'minda ya tiyi ndi nthochi zobiriwira mochititsa kaso. Chonde chimenecho ndi phulusa la mapiri atatu: Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Onsewa ali pa mtunda wosafika makilomita 100 kuchoka pa chipata cha Songwe. Kyejo adatulutsa chiphalaphala chamoto cha m'ma 1800, lomwe ndi dzulodzuloli pa kawerengedwe ka miyala.

Apa pakubwera njira ina yolondera, yosafuna batire: kuwerenga dothi. Phiri likaphulika limasiya mphasa ya phulusa, ndipo zaka zikamapita mphasazi zimasanjikizana. Katswiri wina, Karen Fontijn, adakumba ndi kuyeza mphasa zotere kuzungulira Rungwe ndipo adapeza kuti zaka pafupifupi 4,000 zapitazo phirili lidaphulika mwamphamvu kwambiri. Phulusa lake likupezeka ngakhale m'matope a pansi pa nyanja ya Malawi. Zitati zibwerezenso, chiphalaphala sichingafike ku Karonga, koma phulusa lingagwere pa mpunga wa Kilombero, pa zitsime, pa madenga ndi pa msewu womwe mafuta athu ambiri amadzera kuchokera ku Dar es Salaam.

Pakati pa 2013 ndi 2015 akatswiri a ku America, Malawi ndi Tanzania adatchera makina ambirimbiri kuzungulira kumpoto kwa nyanja, ena n'kuwamiza pansi pa madzi, pa kafukufuku wotchedwa SEGMeNT. Adaphunzira zambiri. Koma makina a kafukufuku ali ngati mlendo, nthawi ikakwana amatsanzika. Kulondera kwenikweni kumafuna makina okhazikika ndi anthu olipidwa mwezi ndi mwezi.

Kummwera kuno moto udazima kale. Phiri la Kangankunde ku Balaka, Songwe ndi Tundulu ku Phalombe komanso chilumba cha Chilwa ndi zitsa za mapiri omwe adali amoyo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Miyala ya mtengo wapatali yomwe makampani akuithamangira ku Kangankunde ndi ku Songwe idaphikidwa ndi moto umenewo. Wofuna kuona momwe malowa ankaonekera kalelo apite ku Ol Doinyo Lengai kumpoto kwa Tanzania, phiri lokhalo pa dziko lonse lomwe likutulutsabe chiphalaphala cha mtundu womwewo, chakuda ngati oilo wakutha ntchito chikamatuluka, n'kuyera chikazizira.

Akasupe otentha a ku Chiweta, Nkhotakota ndi Liwonde asakunamizeni kuti pansi pake pali phiri lofuna kuphulika. Ndi madzi a mvula omwe amalowa m'ming'alu mpaka pansi kwambiri, komwe kumatentha mwachilengedwe, n'kubwereranso m'mwamba. Chomwe akutiuza n'chakuti ming'aluyo ilipo ndipo ndi yozama.

Ming'alu ya Mwanza

Tibwerere kwathu. Mu 2021 akatswiri a mayunivesite a Cardiff ndi Bristol, mogwirizana ndi anzawo a m'dziko muno kuphatikizapo a nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba, adatulutsa mndandanda wa ming'alu 23 ya kummwera kwa Malawi yomwe ingathe kuyambitsa zivomezi. Chaka chotsatira adaukuza kukhala wa dziko lonse, ming'alu n'kuposa 100. Maina ena pa mndandandawo ndi odziwika kwa aliyense wa kuno: Mwanza, Wamkulumadzi, Lisungwe. Ndi maina a mitsinje, ndipo sizidangochitika mwangozi. Madzi amakonda kuyenda pomwe thanthwe lidasweka kale.

Mng'alu wa Mwanza umatsata chigwa cha mtsinjewo kutsikira ku Chikwawa. Ndi wakale kwambiri, wa m'nthawi yomwe malasha a ku Moatize ankapangika, koma akatswiri akuuwerengera m'gulu la omwe angasunthenso. Tingotchulako pang'ono kuti kampani yomwe idagula mgodi wa Moatize kwa Vale mu 2022, yomwe malasha ake amadutsa pa njanji ya m'boma lino, dzina lake ndi Vulcan. Ameneyu adali mulungu wa moto wa Aroma, ndipo dzina la Chingerezi la phiri lophulika lidachokera kwa iyeyo.

Makina a GPS akuonetsa kuti chigwa chathu chikutseguka ndi milimita imodzi kapena awiri pa chaka, pang'onopang'ono kuposa momwe chikhadabo chimakulira. Izi zikumveka ngati nkhani yabwino, koma zili ndi msampha wake. Mng'alu umatha kukhala phee zaka zikwizikwi ukusonkhanitsa mphamvu, anthu n'kuiwala, n'kumangapo. Makina oyezera zivomezi akhalapo kwa zaka zongopitirira pang'ono 100, choncho kusamva mbiri ya chivomezi chachikulu pa malo sikutanthauza kuti malowo ndi otetezeka. Hayli Gubbi naye adalibe mbiri.

Zomwe tidaziona kale n'zokwanira kutichenjeza. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha mphamvu yopitirira 6 chidapha anthu asanu ndi anayi ku Salima ndi madera ozungulira, anthu pafupifupi 50,000 n'kusowa pokhala. Pa 8 Malichi 2018 china cha 5.6 chidagwedeza Nsanje n'kumveka mpaka ku Blantyre. Akatswiri ati mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100 m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ungathe kubweretsa chivomezi choposa 7. Musaone ngati 6 ndi 7 ndi manambala oyandikana. Kukwera ndi nambala imodzi ndiye kuti mphamvu yachuluka maulendo pafupifupi 32.

Pali kusiyana kumodzi kowawa. Phiri lophulika kawirikawiri limachenjeza kwa masiku kapena masabata. Chivomezi sichitero. Palibe katswiri pa dziko lapansi yemwe anganene tsiku lomwe mng'alu wa Mwanza udzasunthe, ndipo mukalandira uthenga pa WhatsApp woti mawa usiku kubwera chivomezi, dziwani kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Chomwe makina angachite ndi kuonetsa ming'alu yomwe ikugwedezeka, kutalika kwake ndi kukula kwa chivomezi chomwe ingabweretse, kuti omanga adziwe momwe angamangire.

Ndipo zomangidwa m'dera lino si zamasewera. Msewu wa M6 wopita pa chipata cha Mwanza ndi Zobue ndi mtsempha wa katundu wochokera ku Beira, Zimbabwe ndi South Africa. Njanji ya ku Nacala idutsa momwemo. Mawaya akuluakulu a magetsi ochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kupita ku Phombeya ku Balaka adzera m'Mwanza ndi Neno. Pa mtsinje wa Shire pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera magetsi ochuluka a dziko lino, ndipo damu la Mpatamanga la mamegawati oposa 350 likukonzedwa m'chigwa chomwecho. Ntchito zikuluzikulu ngati izi zimakhala ndi mainjiniya awo owerengera za zivomezi. Yemwe alibe injiniya ndi bambo wa ku Thambani yemwe wagulitsa manachesi n'kuwotcha njerwa, n'kumanga khoma la njerwa imodzi ndi dothi, lopanda lamba wa simenti pamwamba pa mazenera. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 131,000 m'boma la Mwanza, ndipo ambiri amagona m'nyumba zotere.

Makina opanda mafuta

Amalawi ambiri adaudziwa mzinda wa Goma ku DRC chifukwa cha asilikali athu omwe adakagwira ntchito yosungitsa mtendere m'chigawo chimenecho. Mzindawu uli m'tsinde mwa phiri la Nyiragongo, lomwe chiphalaphala chake chimathamanga ngati madzi. Pa 17 Januwale 2002 chidadutsa pakati pa mzinda, kukwirira mbali ya bwalo la ndege, kupha anthu oposa 100 ndi kuthamangitsa ena oposa 300,000.

Ku Goma kuli ofesi yolondera phirili. Mu 2020 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse sidapitirize thandizo lake ku ofesiyi pomwe padamveka nkhani za kusokonekera kwa ndalama. Zotsatira zake, akatswiri adakhala miyezi ingapo opanda intaneti yolandirira zomwe makina akumva, ndipo mafuta a galimoto opitira kuphiri ankasowa. Loweruka madzulo pa 22 Meyi 2021 kumwamba kudafiira. Anthu adadziwa poona ndi maso, osati pomva chenjezo. Anthu 32 adafa ndipo nyumba zikwi zingapo zidapsa.

Chilungamo chake n'chakuti nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2022 m'magazini ya sayansi ya Nature adapeza kuti ulendo umenewu Nyiragongo sadachenjeze. Makina omwe ankagwira ntchito adayamba kumva zachilendo patangotsala mphindi zosakwana 40. Phiri lidangong'ambika m'nthiti. Ndiye si zoona kuti ndalama zikadakhalapo zonse zikadayenda bwino. Koma masiku otsatira makina omwewo pamodzi ndi setilaiti adaonetsa magma akuyenda pansi penipeni pa mzinda kulowera ku nyanja ya Kivu, ndipo pa 27 Meyi boma lidalamula kuti mbali ya mzinda isamuke. Anthu pafupifupi 400,000 adanyamuka. Magmawo sadatuluke, ndipo ena adadandaula kuti adawavutitsa pachabe. Umu ndi momwe ntchitoyi ilili: ukachenjeza n'kusachitika kanthu umatukwanidwa, ukakhala chete n'kuchitika umatukwanidwanso.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makina oyezera zivomezi amafuna batire, mbale za sola zosabedwa, intaneti yolipiridwa ndi galimoto yokawayendera. Ndi zinthu zomwe zimayamba kudulidwa bajeti ikafinyika, chifukwa palibe phungu amawina chisankho kaamba kogula batire la makina okwiriridwa m'tchire. Mjigo umaoneka, anthu amavina pokautsegulira. Seismometer ikafa palibe amadziwa mpaka tsiku lomwe ikufunika.

Napolo wa ku Colombia

Tsoka lomwe Amalawi angalimvetse msanga ndi la ku Armero m'dziko la Colombia. Usiku wa pa 13 Novembala 1985 phiri la Nevado del Ruiz lidaphulika, osati mwamphamvu kwenikweni, koma moto udasungunula madzi oundana a pamwamba pake. Madziwo adasakanikirana ndi dothi, miyala ndi mitengo n'kutsika m'mitsinje. Ife tikadati Napolo, monga adaonera a ku Zomba mu 1946, a ku Phalombe mu Malichi 1991 ndi a m'tsinde mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Matopewo adatenga maola oposa awiri kuti afike m'tauni ya Armero, pa mtunda wa makilomita oposa 70. Maola awiri ndi okwanira kuti munthu ayende wapansi kukafika pa chitunda. Akatswiri adali atajambula kale mapu oonetsa kuti tauniyi ili m'njira ya matope, mwezi umodzi zisadachitike. Koma akuluakulu adazengereza, poopa kusamutsa anthu pachabe, ndipo anthu adauzidwa kuti akhale m'nyumba. Anthu pafupifupi 23,000 adafa usiku umenewo m'dera lonselo.

Ku Armero sayansi idagwira ntchito yake. Chidaduka ndi chingwe cha pakati pa katswiri ndi munthu wogona m'nyumba. Kuno kwathu chingwe chimenecho chimayambira ku Geological Survey ku Zomba, kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, kufika kwa bwanamkubwa, kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi. Pa nkhani ya mvula ndi anamondwe chingwechi chayamba kulimba, makamaka chidutsireni Freddy, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zotere. Pa nkhani ya zivomezi, m'maganizo mwanga, tikadali m'mbuyo. Mapu a ming'alu aja ali m'Chingerezi cha akatswiri, pa intaneti. Chitachitika chivomezi cha ku Karonga boma lidatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba, koma mmisiri wa kumudzi amamanga momwe adaphunzirira kwa amalume ake.

Zofunika si zodabwitsa ayi. Khonsolo ya Mwanza ikhale ndi mapu oonetsa pomwe ming'alu yadutsa, ndipo aziyang'anidwa asadapereke malo omangapo sukulu kapena chipatala. Amisiri aphunzitsidwe kumanga ngodya zolumana bwino, kuika lamba wa simenti ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse, ndi kusasiya khoma lalitali lopanda chochirikiza. Ana a sukulu adziwe kuti pansi pakagwedezeka abisale pansi pa desiki n'kuteteza mutu, ndipo akatuluka ataliki-rane ndi makoma ndi mawaya a magetsi. Wailesi za m'madera zikhoza kunena zonsezi m'Chichewa pa mphindi khumi.

Setilaiti zija zimadutsanso pamwamba pa Mwanza, Neno ndi Chikwawa monga zimachitira pa Afar, ndipo zithunzi zake zikungounjikana. Ophunzira za miyala ndi migodi akutuluka chaka ndi chaka ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku MUBAS ndi ku MUST ku Thyolo. Chomwe chimafunika kuti mmodzi wa iwo azitsegula zithunzizo masiku 12 aliwonse ndi malipiro a pamwezi, kompyuta yamphamvu, magetsi osazimazima ndi intaneti yolipiridwa chaka chonse.